Muziti Ndili ku Libya

Shubra, Kairo
12 Okutobala 1998

Achemwali anga a Nargis,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikupsompsona manja a amayi. Mundiperekere moni kwa mlongo wathu Demiana, ndi kwa abambo aang'ono a Fakhri ndi banja lawo. Bondo la amayi lili bwanji? Nanga ng'ombe ija inabereka? Nsalu zimene munanena ndapatsira dalaivala wa basi wa kwathu uja, mukazilandire Loweruka.

Nkhani ya Demiana yandikondweretsa kwambiri. Nashaat mwana wa a Ayad a chigayo ndi mnyamata waulemu, sindinamumvepo akutukwana ngakhale bulu. Akadzabwera kudzafunsira mwamwambo mundiuze msanga, ndidzakhale pampando wa malemu bambo monga mwana wamwamuna yekhayo wa pakhomopo.

Kuyambira apa musawawerengere amayi. Ndikanakuuzani pa telefoni ya kusitolo, koma mukudziwa kuti mwini sitoloyo amayeza shuga khutu lili kwa ife.

Achemwali, sindili bwino. Kuyambira nyengo yotentha pali chinthu chimene chandikhala pachifuwa. Palibe chimene chachitika, ndipo n'zimene zikundiopsa. Ntchito yokonza mafiriji ikuyenda, bwana sandizunza. Koma m'mawa ndimakhala pabedi n'kumayang'ana nsapato zanga, osapeza chifukwa choti ndizivale. Ndikakwera basi mtima umayamba kuthamanga, thukuta kamukamu, ndimatsikira panjira poganiza kuti ndikufa. Dokotala wa mtima anandiyeza, akuti mtima wanga ungathe kukoka ngolo.

Ndinapita kukalapa kwa Abuna Yustus, wansembe wa tchalitchi chathu kuno. Ndinati, "Abuna, ndachimwa, ndataya chiyembekezo." Anandifunsa ngati ndimagona, ngati ndimadya, ngati ndili ndi mnzanga. Kenako anati, "Mwana wanga, ukandibweretsera tchimo ndidzalimasula. Ichi si tchimo. Malungo ndingawamasule bwanji?" Ndinatuluka wolemedwa kuposa mmene ndinalowera. Likanakhala tchimo ndikanadziwa chochita nalo.

Anandiuza za dokotala wa maganizo, Dokotala Nadir, amene amakhala ndi munthu n'kumayankhula naye. Ali pansanjika yachisanu m'nyumba ina kuseri kwa msika wa nsomba. Ndakhala ndikudutsa pakhomopo osalowa. Mwamuna wa kwathu, wa manja awiri ndi miyendo iwiri, akalipire munthu kuti amumvere madandaulo? Ndiuzeni maganizo anu. Ndilibe wina womufunsa.

Mundipempherere.
Mlongo wanu,
Wahib

Nazlet Wisa
25 Okutobala 1998

Wahib mlongo wanga,

Moni wa mtendere. Tonse tili bwino. Ng'ombe yabereka kamwana kakakazi, bondo la amayi likadali bondo la amayi. Nsalu zafika, koma yobiriwira ija wasankha ngati ukuveka mpando. Ukapeza ya maluwa ang'onoang'ono utumize.

Ndawerenga zonse, ndipo ndadumpha pamene unati ndidumphe, ngakhale amayi anafunsa kuti pepala lodzaza chonchi lathera pa ng'ombe basi?

Iwe Wahib, matenda ako ine ndikuwadziwa. Ukudya nyemba za mumsewu choimirira, ukugona m'kachipinda kopanda zenera, ukucheza ndi mafiriji. Ngakhale ine ndikanalira. Bambo analima mpaka tsiku lomwe anagwa, unawamvapo akuti nsapato zawatopetsa? Tithane ndi za Demiana, kenako tikupezera mkazi wonenepa woti azikulalatira m'mawa uliwonse, uone ngati sudzazivala mothamanga nsapatozo. Ndakupatsira tchizi chakale ndi uchi wa nzimbe. Idya.

Koma za dokotalayo ndimvere bwino, sindikuseka tsopano. A kwa Ayad ayamba kufunsa za ife, monga achitira anthu asanatenge mwana wa eni. Afunsa kwa Abuna wa kuno, afunsa kwa oyandikana nafe, afunsa mpaka za agogo aakazi kuti anamwalira ndi chiyani. Adzafunsanso za iwe ku Kairo. Ukukumbuka kuti mwana wawo wamkulu anamuletsa kukwatira mtsikana wa kutsidya kwa ngalande chifukwa azakhali ake anali ndi khunyu? Ngati ukuona kuti sungapirire, pita, ine sindine Mulungu. Koma asakuone munthu.

Ndimakukonda ngakhale uli chitsiru.
Nargis

Shubra, Kairo
9 Novembala 1998

Achemwali,

Mtendere ndi chisomo. Moni kwa amayi ndi kwa mkwatibwi wathu. Tchizi chafika, chanunkhitsa chipinda chonse, ndipo ndathokoza chifukwa tsopano muli fungo la kwathu.

Ndinapita. Koma imvani zimene zinandigwera.

Nditangoponda pakhomo la nyumbayo, mlonda wake anadzuka pabenchi n'kundiyang'anitsitsa. "Iwe si mwana wa malemu Habib wa ku Nazlet Wisa? Mphuno imeneyi ndinaiona pa agogo ako!" Ndi a Sidhom, amene anakwatira mwana wa mmisiri wa matabwa wa kwathu. Mwa alonda onse a m'Kairo muno! Anandikumbatira, anaitanitsa tiyi, kenako anafunsa funso limene mlonda aliyense amafunsa: "Ukukwera kwa ndani?"

Ndinayang'ana zikwangwani pakhoma n'kunena chimene maso anagwera. "Kwa dokotala wa mano."

"Wa pachitatu? Ameneyo ndi wanga, ndimamutsukira galimoto! Mwana wa kwathu akhale pamzere ine ndili moyo?"

Anandigwira dzanja, tinalowa m'chikepe, anandidutsitsa anthu onse odikira. Dokotalayo anati, "Lopweteka ndi liti?" Ndinaloza lakumapeto. Anati lili ndi kabowo kakang'ono, angathe kumata. A Sidhom anati, "Zulani, dokotala! Ife a kummwera sitimata mano ngati khoma." Achemwali, dzino labwinobwino linapita. Ndinanama kamodzi, Mulungu anandilipiritsa pomwepo.

A Sidhom atatsika, ndinakwera masitepe mozemba mpaka pachisanu, thonje lili m'kamwa. Dokotala Nadir ndi munthu wa imvi, wamfupi, chipinda chake muli mipando iwiri basi. Anafunsa zimene zachitika pakamwa panga. Nditamuuza sanaseke. Anangoti, "Si inu woyamba. Mnzanga wa pansiyo ndamulemeretsa."

Kenako anati, "Sabata yonse mumayankhula ndi ndani, kupatula eni mafiriji?"

Ndinati, "Ndi Mulungu."

Anati, "N'zabwino. Wina?"

Ndinafunafuna dzina m'mutu. Ndinayamba kulira ngati mwana, magazi ndi misozi pamodzi, ndipo sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Chibadwire sindinalirepo pamaso pa mwamuna mnzanga osauzidwa kuti ndilimbe mtima.

Wandipatsa timapiritsi, ndipo ndizipita Lachiwiri lililonse ndikaweruka. Akuti matendawa ali ndi dzina, amagwira anthu ambiri, amuna amangobisa. A Sidhom ndimawauza kuti mano ena akukonzedwa. Ndimatsika pachitatu, ndimadikira chikepe chibwerere, ndiye ndimakwera wapansi. Ndikuchita manyazi ndi bodzali, koma dzulo ndinakwera basi mpaka kuntchito osatsikira panjira.

Nkhani ya chinkhoswe ili pati?

Wahib

Nazlet Wisa
29 Novembala 1998

Wahib,

Moni. Tayamba kusala kwa Khirisimasi tili bwino. Ndikulemba mothamanga, dalaivala akudikira.

Mkazi wa a Sidhom anabwera ku maliro a mlamu wake, ndipo pamaliropo anthu anadyera iwe. Akuti a Sidhom anadabwa kuti munthu mmodzi ali ndi mano angati, ndiye anakutsatira. Anakuona ukukwera chonyang'ama mpaka pachisanu, iwo n'kubwerera. Pachisanupo akuti pali makomo awiri, la dokotala wakoyo ndi la mayi wina wamasiye, Inshirah, amene amapaka tsitsi. Za dokotala a Sidhom sanaganizeko n'komwe. Mwamuna wa kwathu akatani kumeneko? Ndiye mudzi wonse ukudziwa kuti Wahib wa kwa Habib, uja ankanyamula mtanda kutchalitchi, ali ndi mkazi wa Lachiwiri.

Amayi analira tsiku limodzi, tsopano akungokupempherera. Abambo aang'ono aseka mpaka kutsokomola, akuti, "Mwamuna ndi tonde, ayenera kununkha. Ine ndinkayesa mwanayu adzakhala mmonke." A Ayad nawo amva. Akuti ndi za anyamata a m'tauni, adzaleka akakwatira. Anena kuti adzabwera ndi golide wa chinkhoswe Khirisimasi ikangodutsa.

Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma nditamva bodzali mtima unakhala pansi. Tchimo la mwamuna, wansembe amalichotsa Loweruka limodzi. Koma anthu akati misala, amati ili m'magazi, imatsata ana, ndipo palibe wansembe angaichotse. Ine ndikudziwa kuti suli wamisala. A Ayad sadziwa kusiyanitsa.

Ndiye ndikukupempha, mwana wa mayi anga, usatsutse. Usanene bodza, ingokhala chete. Ukwati ukachitika Pasaka atadutsa, udzanene zimene ukufuna. Demiana wayamba kusoka mapilo, akuimba m'khitchini. Sindinamuonepo chonchi.

Nargis

Shubra, Kairo
17 Disembala 1998

Achemwali a Nargis,

Mtendere wa Khristu. Moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo sanachite zimene anamva. Posachedwa amva zina.

Ndinakumverani. Ndinakhala chete. A Sidhom ankanditsinzinira diso pakhomo, amvekere, "Mano akuyenda bwanji, mkango?" Ine n'kumwetulira. Ndinkadziuza kuti dzina likuipa ndi langa, ndingathe kulipereka chifukwa cha Demiana. Ndinaiwala kuti pabodzapo pali mayina awiri.

Lachiwiri lapitali ndinali m'chipinda chodikirira kwa dokotala pamene phokoso linabuka panja. Anali azilamu ake a mayi Inshirah uja, abale a malemu mwamuna wake, atabwera awiri. Nkhani inayenda kuchoka pabenchi ya a Sidhom kupita kwa wogulitsa ndiwo, mpaka inawapeza. Ndinkamva zonse. "Mwamuna wa Lachiwiri ndi ndani? Mchimwene wathu sanaole n'komwe!" Ankati amulanda nyumbayo pamodzi ndi mwana wake wamkazi. Mayiyo ankangoti, "Ndikulumbira, sindikumudziwa." Kenako ndinamva mbama.

Achemwali, mayi ameneyu nkhope yake ndinali ndisanaionepo. Ankamenyedwa chifukwa cha ine, ine nditakhala pampando wofewa. Ndinaganiza za Demiana ndi mapilo ake, Mulungu ndi mboni, ndinaganiza. Koma miyendo inanyamuka yokha.

Ndinatsegula chitseko. Anthu anali atadzaza masitepe, a Sidhom ali pakati. Ndinati, "Mwamuna wa Lachiwiri ndine. Ndimalowa khomo ili, osati ilo. Ndimadwala maganizo." Wamkulu wa azilamuwo anati ndikunama. Dokotala Nadir anatuluka n'kundiyang'ana, akudikira chilolezo changa, mpaka nditamuuza kuti, "Auzeni." Ndiye anati, "Bamboyu amabwera kwa ine." Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi. Palibe amene anapepesa kwa mayiyo. Iye anatola mpango wake pansi, anandiyang'ana kamodzi, n'kutseka chitseko.

Potuluka a Sidhom sananditchule mkango. Anandiyankhula pang'onopang'ono ngati kwa mwana wodwala, ndipo ndinaona akubisa kampeni kamene amasendera malalanje. Anati, "Bwenzi ukanangokhala wachigololo, mwanawe." Ndinawapempha kuti asanene kwathu. Analonjeza pa mtanda. Koma mkazi wawo anali pamasitepe pomwepo.

Ndakuuzani msanga kuti mumve kwa ine. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Abuna Yustus akuti ndachita bwino, koma Abuna alibe mlongo woti akwatiwe. Muuzeni Demiana kuti andikhululukire. Ndiyankheni, ngakhale ndi matukwano.

Wahib

Shubra, Kairo
10 Januwale 1999

Achemwali,

Khirisimasi yabwino kwa inu nonse, ngakhale yadutsa. Sindinalandire yankho. Ndinapita kokwerera basi kukafunsa dalaivala, anati palibe chimene mwamupatsa, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Ndinaimba telefoni kusitolo, anati mwapita kumunda. Kumunda tsiku la Khirisimasi?

Sindinabwere chifukwa sindikudziwa ngati ndikufunika. Ndinapita ku Misa, ndinagula nyama pang'ono yomasulira kusala, ndinaphika. Inali yambiri kwa munthu mmodzi.

A Ayad anabwera ndi golide uja? Ndiuzeni chilichonse. Nsalu ya maluwa ang'onoang'ono ndinaipeza, ili pano.

Wahib

Nazlet Wisa
8 Febuluwale 1999

Achimwene,

Ndine Demiana. Moni wa mtendere. A Nargis akuti dzanja lawo likukana kulemba, ndiye ndalemba ndine. Kalatayi ndapatsira mlongo wina wa kutchalitchi amene akupita ku Kairo kuchipatala, iye sadziwa za m'katimu.

Nkhani inafika Khirisimasi isanakwane. A Ayad anatumiza mawu kuti aganiza kaye. Amayi ake a Nashaat anayamba kundiyang'anitsitsa m'tchalitchi, kuona ngati ndikuyankhula ndekha. Ana ankafuula pakhomo pathu, sindilemba zimene ankanena. Nashaat anakana kudya kwawo, anauza bambo ake kuti akapanda kukwatira ine akalowa kwa amonke. Abuna wa kuno anayenda pakati pa makomo awiriwa mpaka nsapato zinatha.

Anagwirizana chonchi. Anthu auzidwe kuti munangotopa ndi ntchito, ndipo a Sidhom anakokomeza. Auzidwe kuti munachira, ndipo mwapita ku Libya kukagwira ntchito ya zaka zingapo. A Ayad akuti wamisala sangapatsidwe ntchito kunja, ndiye anthu akhulupirira, ndipo zimene maso saona pakamwa pamaiwala. Musabwere ku ukwati. Musabwere pa Pasaka. Musatumizenso kanthu kwa dalaivala, ndipo musalembe kalata, chifukwa wa positi amayang'ana sitampa iliyonse n'kukanena kusitolo. Chinkhoswe chachitika dzulo. Pampando wa bambo panakhala abambo aang'ono.

Achimwene, sindikufuna kukunamizani. Abuna anandifunsa pandekha ngati ndikuvomera zimenezi. Ndinavomera. Palibe anandikakamiza. Nashaat ndimamukonda, zaka zikupita, ndipo pakhomo pano sipanabwerepo wina. Nditamva zimene munachita pamasitepe paja ndinakutukwanani mumtima sabata yathunthu. Kenako ndinaganiza kuti ndikanakhala ine mayi uja, ndikanafuna kuti wina atsegule chitseko. Zonse ziwirizi zili mwa ine, sindikudziwa chochita nazo. Dzulo pondiveka mphete ndinayang'ana kukhomo, ngakhale ndinkadziwa.

Amayi tawauza kuti mulidi ku Libya, chifukwa sadziwa kunama, angaulule kwa aliyense wowapatsa moni. Akudandaula kuti munapita osatsazika. Akufunsa ngati kumazizira, ngati kuli tchalitchi, ngati munatenga bulangete.

Mlongoyu abwerera Lachisanu. Mukafuna kuyankha mumupatse. Mukapanda kuyankha ndimvetsa. Kodi mukupezako bwino?

Mlongo wanu wamng'ono,
Demiana

Shubra, Kairo
11 Febuluwale 1999

Demiana mlongo wanga,

Mtendere wa Ambuye ukhale nawe. Mulungu adalitse mphete yako, akupatseni nyumba ya mtendere iwe ndi Nashaat. Mnyamata amene anakana kudya chifukwa cha iwe ndi woyenera kumuphikira. Nsalu ija ndapatsira mlongoyu, uziti wagula ku tauni ya Minya.

Ndavomera. Usadzizunze. Ukanakana, ndikanasenza ukwati wako pamwamba pa zimene ndasenza kale, ndipo sindikanatha.

Kalata yako ndinapita nayo kwa dokotala. Anandifunsa ngati ndakwiya. Ndinati ayi, ndi abale anga. Patapita nthawi ndinati, "Inde, ndakwiya." Ndikukuuza chifukwa iwe sunandinamize. Ndakwiyira a Ayad, ndakwiyira a Nargis amene anandiphunzitsa kulemba koma alephera kundilembera mzere umodzi, ndakwiyira ngakhale iwe pang'ono. Ndinkaopa kuti ndikanena zimenezi chikondi chitha. Ndanena, ndipo chilipobe.

Wafunsa ngati ndikupezako bwino. Masiku ena inde. Ndimagona, ndimadya, ndimagwira ntchito. Masiku ena chinthu chija chimabwerera n'kukhala pamalo pake. Dokotala akuti zitenga nthawi, ndisasiye kubwera. Sindisiya. Ndataya zambiri kuti ndizilowa pakhomo limenelo, kusiya tsopano kungakhale kupusa. Abuna Yustus wandiika m'gulu la amuna okonza mabenchi a tchalitchi Lachisanu. Sitiyankhula zambiri, koma pomaliza timamwa tiyi.

Tsiku la ukwati wako ndidzapita ku Misa ya m'mawa kuno, ndidzatchula dzina lako. Uwauze abambo aang'ono asavale mkanjo wawo wabulauni uja.

Za amayi, ndinafunsa munthu wina amene ndinamukonzera firiji, anakhalako ku Benghazi, ku Libya komweko. Uwauze kuti kumazizira pang'ono m'mawa, koma bulangete ndinatenga. Tchalitchi chiliko, chaching'ono, pafupi ndi nyanja. Nsomba n'zotchipa. Uwauze kuti ndanenepa. Mwezi uliwonse uziwauza kuti ndaimba telefoni kwa Abuna wa kwathu ndipo ndapereka moni, ndipo silidzakhala bodza lenileni, chifukwa moniwo ndizidzapereka ndili kuno. Bondo lawo likadzafika poipa, kapena china chikadzachitika, usadikire chilolezo cha a Ayad. Unditumizire mawu, ndidzabwera ngakhale mudzi wonse utaima pamsewu.

Iyi ndi kalata yomaliza, monga mwagwirizana. Ukadzabereka, mwana n'kuyamba kuyenda ndi kuyankhula bwinobwino pamaso pa agogo ake a chigayo, iwo n'kukhutira kuti magazi athu ndi abwino, udzandiuze kuti ndibwereko ku Libya.

Mchimwene wako,
Wahib